Mankhwala ndi otchipa, koma chapa imadya ndalama

Inu amene mumakhala ku Samora Machel, muno mu mzinda wa Tete, mukudziwa kuti kuonana ndi namwino pachipatala chaching'ono cha boma ndi metikali 1, ndipo mankhwala ndi mametikali 5. ARV ndi mankhwala a TB ndi aulere. Komabe anthu ambiri amalephera kupita tsiku limene anauzidwa. Chowalepheretsa kawirikawiri ndi ndalama ya chapa, ya chopela kapena ya njinga yamoto.

Tiyerekeze kuti ulendo umodzi ndi mametikali 15. Kupita ndi kubwera ndi 30. Ngati wodwala sangayende yekha, woperekeza nayenso amalipira, ndiye yakwana 60. Akakutumizani ku Hospital Provincial de Tete, maulendo amachuluka. Ndalama imeneyi imachoka pa ya ufa ndi ndiwo.

Boma lili ndi thandizo la mabanja osauka. Bungwe la INAS limayendetsa PSSB, ndalama imene amalandira okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo, anthu olumala ndi odwala matenda okhalitsa, ngati pakhomo pali posowa. Palinso kalata yotchedwa atestado de pobreza, imene imachitira umboni kuti munthu ndi wosauka. Kuti muipeze, yambirani kwa sekeretariyo wa dera lanu.

Apa mpofunika kusamala. Akamafunsa za moyo wa pakhomo panu, musangonena ndalama imene imalowa. Munthu angamve kuti mwana wanu amagwira ganyu ku Moatize, n'kuganiza kuti zinthu zili bwino. Koma ngati gawo lalikulu la malipiro ake limathera pa chapa, nenani zimenezo. Tengani kope. Lembani tsiku, kumene munapita, ndi ndalama imene munalipira. Sungani khadi lanu la kuchipatala pamodzi ndi kopelo. Manambala amene mukuphunzira m'kalasi akuthandizani pamenepa. Nenani zoona zokhazokha, osawonjezera, osachotsera.

Pali njira inanso imene inayambira kuno kwathu. Mu 2008, m'chigawo cha Tete, akuluakulu a zaumoyo pamodzi ndi bungwe la MSF anayambitsa magulu otchedwa GAAC. Anthu osapitirira 6 amene amamwa ARV amagwirizana. Mwezi uliwonse mmodzi amapita kukatengera anzake onse mankhwala, mosinthana. Motero ndalama ya ulendo imachepa kwambiri. Masiku ano zipatala zambiri zimaperekanso mankhwala a miyezi 3 nthawi imodzi kwa odwala amene ali bwino.

Ngati chapa ikukulepheretsani, musasiye mankhwala mwakachetechete. Uzani namwino. Funsani za GAAC ndi za mankhwala a miyezi 3. Funsaninso sekeretariyo kuti munthu wa INAS wa m'dera lanu mungamupeze kuti.