Nshawa na mwana wanu: allergy imayambila pa khungu, osati mu mbale

Ku Vubwi nshawa si nkhani yodabwitsa munthu. Boma ili, lomwe linapatuka ku Chadiza mu 2012 ndipo lili pa malile a Malawi na Mozambique, ndi la alimi. Ciwawa cotendela, cimponde, phala la nsinjilo, vonse ni nshawa. Mwana akangofika miyezi 6, ambuya ake akhala atasinja kale.

Manje bwelani ku town. Mayi wacitsikana wa ku Chawama kapena ku Kapata waona pa TikTok mwana wa ku America atatupa nkhope cifukwa ca peanut butter. Mantha amugwila. Ambuya akatumiza thumba la nshawa kucoka kumudzi, iye ati mwana asalawe mpaka akule. Kodi walondola ndani? Madokotala anasintha maganizo pa nkhaniyi, ndipo yankho lili pafupi na ambuya.

Cimacitika n'ciani m'thupi?

Allergy ni pamene asilikali a m'thupi alakwitsa adani. Amaona mapuloteni a mu nshawa monga kacilombo, ndipo amapanga zida zochedwa IgE. Pa nthawi yoyambayi palibe cimaoneka, mwana angoseŵela bwino-bwino. Koma tsiku lina akadya nshawa, zida zija zimadzutsa maselo omwe amatulutsa histamine. Mu mphindi zocepa, nthawi zina mpaka maola 2, ziwengo zabuka, milomo yatupa, mwana wayamba kusanza.

Makolo ambili amadabwa ati, nanga sanadyepo nshawa, thupi lazidziŵa bwanji? Apa m'pamene pali nkhani. Ofufuza ambili amakhulupilila kuti khomo lake ni khungu. Mwana amene ali na eczema, khungu lake limakhala louma, loyabwa komanso long'aluka. Tufumbi twa nshawa twa pa manja a akulu, pa citenge kapena pa mphasa tumaloŵa m'ming'alu ija, thupi n'kutuŵelengela ngati mdani. Koma nshawa zikayamba kuloŵela pakamwa, matumbo amaphunzitsa thupi kuti ici n'cakudya cabe. Ni mpikisano: cayamba kufika n'citi, khungu kapena pakamwa? N'cifukwa cake ana amene ali pa ngozi kwambili ni aja a eczema yamphamvu komanso amene mazila amaŵadwalitsa kale.

Pamene madokotala analakwitsa

Mu 2000, bungwe la madokotala a ana ku America linalangiza kuti ana amene ali pa ngozi asapatsidwe nshawa mpaka zaka 3. Malangizowa anacotsedwa mu 2008. Caka comweco, Professor Gideon Lack wa ku London na anzake anapeza cinthu codabwitsa: ana aciyuda a ku Britain anali na allergy ya nshawa kuŵilikiza pafupifupi ka 10 kuposa anzawo a ku Israel. Kusiyana kwake? Ku Israel makanda amadya Bamba, kasnaki kofewa kopangidwa na nshawa, asanakwanitse caka.

Kenako panabwela kafukufuku wa LEAP, amene zotsatila zake zinatuluka mu 2015. Anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, onse a eczema yamphamvu kapena allergy ya mazila. Ena ankapatsidwa nshawa kaŵilikaŵili, ena ai. Pofika zaka 5, mwa aja osadya, pafupifupi 17 pa 100 aliwonse anali na allergy. Mwa aja odya, 3 cabe. Ataŵatsatila mpaka zaka 12, citetezo cija cinali cikalipo.

Kuno ku Africa nako ciliko cophunzila. Ku South Africa, ofufuza anayeza ana aang'ono a mu Cape Town na a kumidzi ya Eastern Cape. Mu town, ana 2.5 pa 100 anali na allergy ya zakudya, pamene kumudzi anali 0.5 cabe. Akuganizila zifukwa zingapo, monga kusiyana kwa kadyedwe na kukhala pafupi na ziŵeto. Apa ife a mu komboni tiyenela kuchela khutu, cifukwa umoyo wathu ukupita ca ku Cape Town, osati ca ku Vubwi.

Manje mucite bwanji?

Miyezi 6 yoyamba ni bele lokha, monga momwe Unduna wa Zaumoyo na WHO amanenela. Mwana akayamba phala, palibe cifukwa cocedwetsela nshawa. Thilani nsinjilo yosefa bwino kapena kacimponde kosalala m'phala, kukhale masana, mwana ali bwino. Yambani na kucepa, pa nsonga ya supuni, dikilani pang'ono, ndiye mupitilize. Muyang'anileni kwa maola 2. Zikayenda bwino musaleke, muzimupatsa sabata iliyonse.

Koma ngati mwana ali na eczema yamphamvu, kapena anatupapo atadya dzila, musayese mwekha kunyumba. Yambani mwakamba na a nesi kapena dokotala pa under five. Samalani khungu lake na mafuta amene akupatsani ku kiliniki, ndipo sambani m'manja mukacoka kusinja kapena kudya nshawa musanamudzoze.

Cina cofunika: nshawa zathunthu, zokazinga kapena zophika, si za mwana wosakwana zaka 5. Zingamutsamwe. Cimponde colimba ca pa supuni naco cimodzimodzi, cisungunuleni m'phala. Ndipo sankhani nshawa zouma bwino. Zofota na za cuku zimakhala na poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciŵindi. Imeneyo si allergy, koma ni ngozi payokha.

Zizindikilo zosafuna kucedwa

Ziwengo zocepa, kuyabwa kapena kutupa pang'ono pa milomo: lekani kumupatsa, mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Koma akayamba kupuma movutikila, kulila mawu osasa, lilime kutupa, kukhosomola kosalekeza, kapena wangolefuka monga wakomoka, imeneyo ni anaphylaxis. Mankhwala ake ni jekeseni ya adrenaline. Piriton payekha sangakwanitse, mkaka kapena makala sizithandiza, ndipo kumusanzitsa kungaonjezele vuto. Kwelani ciliconse cili pafupi, taxi kapena honda, muthamangile ku cipatala. Mukafika nenani cimene wadya na nthawi yake.

Mwana akapezeka na allergy, dziŵani kuti ambili amakula nayo. Pafupifupi mmodzi cabe pa 5 ndiye imamuthela. Uzani onse, amaid, aticha a ku nursery, anansi. Kumbukilani kuti nshawa zimabisala mu cikanda, m'ndiwo zotendela na mu mabisiketi ena. Auzeni ambuya mwaulemu kuti nkhani si matama a ku town, ndipo mau akuti "angolaŵako azoloŵela" sagwila nchito kwa mwana amene allergy yamugwila kale.

Koma kwa mwana wa khungu labwino amene wafika miyezi 6, thumba lija lacoka ku Vubwi musalibise pansi pa bedi. Sankhani, sinjani, sefani, muthile m'phala.