Mankhwala alipo, koma pa benchi ndi pamene pamavuta

Ulendo wa kuchipatala cha boma umayambira pa benchi. Umapereka kabuku kako, n'kudikira kuti akuitane dzina. Tsono taganizirani munthu wovala chitenje ndi duku, amene anzake amamuti "achemwali", koma m'kabuku mwake muli dzina lachimuna. Kalaliki akafuula dzinalo, benchi yonse imacheuka, ena n'kuyamba kunong'onezana. Munthu wotere akachoka tsiku limenelo, kawirikawiri sabweranso.

Amenewa ndi amayi a transgender, anthu omwe pobadwa analembedwa kuti ndi aamuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi ndipo amakhala motero. Lipoti la UNAIDS la 2024 linati chiopsezo chawo chotenga HIV n'chowirikiza ka 20 poyerekeza ndi akuluakulu ena. Ambiri anathamangitsidwa pakhomo pa makolo, sukulu inathera panjira, ntchito sawalemba. Ena amapezera chakudya m'kugonana ndi amuna, ndipo wanjala sakhala ndi mphamvu youmirira kondomu.

Chondiwawa ine n'chakuti chitetezo chilipo kale. PrEP ndi mapiritsi omwe munthu wopanda kachilombo amamwa tsiku ndi tsiku kuti HIV ikalowa m'thupi isakhazikike. Palinso jakisoni wa cabotegravir wobaya pa miyezi iwiri iliyonse, yemwe WHO inavomereza mu 2022, ndi wa lenacapavir wobaya kawiri pachaka, yemwe inavomereza mu 2025. Pa kafukufuku wa majakisoni onse awiriwa, amayi a transgender analimo.

Koma pali mantha ena amene madokotala ambiri sawamva, chifukwa safunsa. Amayi ambiri otere amamwa mahomoni a estrogen kuti thupi lifanane ndi mmene amadzionera, nthawi zambiri ogula mwamseri. Amaopa kuti PrEP iwononga mphamvu ya mahomoniwo, ndipo akauzidwa kuti asankhe chimodzi, amasankha mahomoni. Chonsecho kusankhako n'kosafunika. Kafukufuku wasonyeza kuti PrEP sichepetsa mahomoni m'magazi. Chofunika n'chakuti womwa estrogen amwe piritsi tsiku lililonse osadumphitsa. Pali njira ina yomwa PrEP pokhapokha ukafuna kugonana, koma WHO silimbikitsa womwa estrogen kuitsatira. Nkhaniyi namwino angaifotokoze m'mphindi ziwiri, koma angafotokozere bwanji munthu amene akuopa kutchula zimene amamwa?

Manthawo ali ndi maziko. Gawo 153 la malamulo a milandu ku Malawi limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende pa mlandu wogonana amuna okhaokha. Anthu sanaiwale za 2010, pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anagamulidwa zaka 14 asanakhululukidwe ndi pulezidenti wa nthawiyo, Bingu wa Mutharika. Mu June 2024, khothi lounika malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulowo akhalebe. Munthu akamaona kuti kuulula za moyo wake kwa dokotala kuli ngati kudzipereka kupolisi, amangonena kuti mutu ukuwawa, n'kulandira panado.

Ku Bangkok, kiliniki ya Tangerine, yomwe inatsegulidwa mu 2015, inayesa njira ina: mahomoni, kuyeza magazi ndi PrEP pamalo amodzi, ena mwa ogwira ntchito n'kukhala a transgender omwe. Anthu amabwerera mahomoni, n'kuyezetseratu. Ku South Africa kunali makiliniki ofanana nawo a Wits RHI, koma anatsekedwa mu 2025 boma la America litadula thandizo. Amene ankalandira PrEP kumeneko anauzidwa kuti azipita kuchipatala cha boma, kukakhala pa benchi, kabuku kali m'manja.