Chimene Chimadzutsa Namwali

Mwana wamkazi wa ku Minga, kapena wa m'midzi ya nthochi ya ku Nyimba, akagwa m'dothi, alangizi amati wakula, ndipo sanama. Koma chimene chadzutsa thupi lake chaka chino, mnzake wobadwa naye mwezi umodzi akali mwana, chinabisika kwa makolo athu, kufikira akatswiri anayamba kuchizindikira mwa apusi otchedwa rhesus, abale akutali a aja amatha chimanga m'chigwa cha Luangwa.

Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamatumiza mthenga wake, GnRH, ku kachiwalo kena kotchedwa pituitary, ndipo pituitary ndiyo idzutsa ziwalo zoberekera. Mthengayo samka mosalekeza ayi, koma monga kugunda kwa ng'oma, kulira ndi kuleka. Mu 1980 Ernst Knobil ndi anzake ku Pittsburgh anapatsa tiapusi tatikazi tosakhwima GnRH kamodzi pa ola lililonse, ndipo taonani, tinayamba kusamba nthawi isanakwane. Iwo ataleka, tinabwerera ku ubwana. Thupi tsono linali lokonzeka kalekale. Wochedwetsa ndi ubongo.

Chozizwitsa n'chakuti GnRH amagwira ntchito mwa khanda la miyezi yochepa, kenaka ubongo umamutontholetsa zaka zonse za ubwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Ei Terasawa wa ku Wisconsin, atapenda apusi zaka zambiri, anasonyeza kuti wina mwa omutontholetsawo ndi mthenga wa mu ubongo wotchedwa GABA, pakuti mphamvu ya GABA itatsekedwa, apusiwo anatha msinkhu msanga. Wodzutsanso GnRH anadziwika mu 2003, pamene madokotala a ku Paris ndi a ku Boston anapeza mabanja amene ana awo sankatha msinkhu, popeza ubongo wawo sunkamva kuitana kwa mthenga wina wotchedwa kisspeptin.

Ubongo sumachita izi mwakhungu. Mafuta a m'thupi amatulutsa leptin, amene amaudziwitsa ngati chakudya chikukwana, ndipo n'chifukwa chake anyani a ku Amboseli, ku Kenya, odya zotayidwa pa malo ogona alendo, amakhwima msanga kuposa anzawo odzifunira okha m'tchire. Momwemonso mtsikana wokulira m'zaka za chilala angachedwe, popanda mfiti yom'manga, ngakhale azakhali anene zotani; koma akafika zaka 15 asanasambe, kapena maere akaphuka asanakwane zaka 8, amayi ake apite naye ku chipatala cha mishoni cha Minga.