Kukalambitsa Galimoto Wamng'ono Kuti Aoneke Woyenda Maulendo

Anthu ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba amene anagwira nchito ku migodi ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira akumbukirabe galimoto amene anawanyamula tsiku lija anacoka kwao. Sanali galimoto wonyezimira iai. Inali lole ya Bedford kapena basi ya Thatcher Hobson, yofiira ndi pfumbi, yophwanyika m'mbali, yonunkha mafuta. Munthu wofuna kusonyeza adzukulu ace galimoto wotere m'cifanizo cacing'ono apeza bvuto limodzi: cifanizo cimene wapanga cioneka catsopano ndithu, ndipo wocipenya anena kuti ndi cidole cabe.

Anyamata a kumeneko apanga magalimoto a waya ndi a zitini, magudumu ace a zitsekerero za mabotolo zokulunga ndi mphira. Akuru ena m'matauni agula bokosi la tizidutswa ta pulasitiki tomata ndi guluu, longa la kampani ya Airfix ya ku England, imene inayamba nchito iyi ndi thalakitala ya Ferguson m'caka ca 1949. Koma kumanga ndi theka cabe la nchito. Theka lina ndilo kukalambitsa, ndipo apa ndipo ambiri aphonya. Iwo apaka dothi ponseponse, nayesa kuti atha. Galimoto weniweni sada comweco. Banga liri lonse liri ndi cifukwa cace ndi malo ace, ndipo mmisiri ayenera kuyamba wakhala pansi pambali pa mseu ndi kupenyetsetsa malole, asanagwire bulashi.

Coyamba ndi pfumbi. Masiku aja Great East Road usanathiridwe tara, galimoto wocokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anafika pa mlatho wa Luangwa atabvala dothi la njira yonse. Mlatho woyambawo unamangidwa mu 1932, ndipo wina waukuru unadza mu 1968. Pfumbi licokera pansi, cifukwa cace licuruka pa magudumu ndi m'munsi mwa zitseko, nilicepa pokwera. Kumbuyo licurukitsa, pakuti mphepo ibwerera m'mbuyo mwa galimoto woyenda nilisiya pamenepo. Pa galasi la kutsogolo pali pfumbi m'mbali mokha, pakati pali malo oyera opindika ngati uta, m'mene mwapita copukutira.

Pfumbi labwino la nchito iyi ndi dothi lenileni la katondo, louma, losinja. Koma pali msampha. Ngati cifanizo ciri cocepa ka 24 poyerekeza ndi galimoto weniweni, kamcenga ka milimita 1 kaoneka ngati mwala wa mamilimita 24. Cotero mmisiri asefa dothilo pa nsaru yopyapyala mpaka likhale losalala koposa ufa woyera. Atatero alisanganiza ndi madzi ndi dontho la guluu wa matabwa, nalipaka mopyapyala kawiri kapena katatu, kulindira kuti liume nthawi iri yonse. Matope a dzinja ndi ena: ali odera, okhuthala, othimbirira m'mbuyo mwa gudumu liri lonse. Munthu asankhe nyengo imodzi. Lole yonyamula thonje kapena nsawa m'cilimwe siikhala ndi matope a Januwale.

Caciwiri ndi dzimbiri, ndipo apa ndipo padziwika mmisiri wanzeru. Dzimbiri libadwa pamene citsulo cikumana ndi madzi ndi mpweya. Ndiye kuti liyamba pamene utoto wacoka ndi pamene madzi aima: m'munsi mwa citseko, pa misomali, pa mahinjesi, pozungulira magudumu. Kucokera pamenepo litsika pansi monga misozi, potsata njira ya madzi a mvula. Dzimbiri lakale liri lodera, latsopano liri lofiira moyererako. Pulasitiki siicita dzimbiri, cotero mmisiri asungunula utoto wofiirira kufikira ukhale ngati tiyi, nadontheza pang'ono ndi nsonga ya bulashi, nakokera pansi. Wopanga ndi zitini za citsulo ali ndi mwai woposa. Iye akhula malowo ndi mcenga, nathirapo viniga ndi mcere, ndipo pakapita masiku owerengeka dzimbiri lenileni laturuka. Waya wa mpanda acedwa kucita dzimbiri cifukwa anamubveka zinki.

Pali colakwa cimodzi cimene makanika ali yense aciona msanga. Land Rover, amene anayamba kupangidwa mu 1948 ndipo anali galimoto wa akuru a pa Boma, ali ndi thupi la aluminiyamu, citsulo copepuka cosacita dzimbiri lofiira. Thupilo likhoza kupindika ndi kusupuka utoto, nilioneka lotuwa, koma dzimbiri ligwira mafupa a pansi amene ali a citsulo wamba. Wopaka dzimbiri pa phiko la Land Rover wanama, ngakhale wapaka mokongola bwanji.

Dzuwa nalonso liri ndi nchito yace. Liwaula utoto wa pamwamba, pa denga ndi pa boneti, ndipo utoto wofiira uwauka msanga. Mmisiri athira utoto woyera pang'ono mu utoto wa galimotoyo, napukuta bulashi pa nsanza kufikira itatsala pang'ono kuuma, naipititsa mopepuka pamalo oyang'ana kumwamba pokha.

Cotsiriza, cimene ambiri aciiwala, ndi manja ndi mapazi a anthu. Dalaivala m'dziko la Zambia akhala ku dzanja lamanja, cifukwa cace citseko ca mbali imeneyo ndico cisupuka koposa, pa cogwirira ndi pamene aika cigongono. Magudumu a kumanzere ndiwo ayenda m'mphepete mwa mseu, ndiwo atola dothi lambiri. Popondera pokwera citsulo cinyezimira cifukwa mapazi acikhula tsiku ndi tsiku, ndipo dzimbiri silipeza mpata. Pensulo wamba ndiye mankhwala a malo otere: mmisiri akhula nsonga yace m'mphepetemo, napukuta ndi cala. Matabwa a kumbuyo, pamene akoka matumba a cimanga ndi mikoko ya nthoci za ku Nyimba, ali otuwa ndi okandika. Mwaye wa nyali ya palafini ukwanira pa paipi ya utsi.

Pali cenjezo kwa okhala m'makomboni. Petulo asayandikire nchito iyi, cifukwa aononga pulasitiki, ndiponso agwira moto msanga m'nyumba yaing'ono m'mene muli mbaula. Utoto wa mafuta upakidwe pabwalo, ndipo zitini zodula zipindidwe m'mphepete ana asanazigwire.

Mmisiri akayesa kuti watha, aike galimotoyo padzuwa, naime patali mapazi atatu kapena anai. Ngati diso lithamangira ku banga limodzi, bangalo lakula, ndipo alicepetse ndi nsanza yonyowa lisanaume. Pambuyo pace aitane nkhalamba imene inakwerapo lole yotere, naipatse galimotoyo m'manja, namve cimene idzayamba kuchula.