Chilembo chimodzi chimene chimapinda maselo a magazi

Mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell nthawi zambiri amayamba moyo bwinobwino. Amayamwa, amanenepa, kusikelo anamwino n'kumamuyamikira. Akamayandikira miyezi 6 zinthu zimatembenuka: manja ndi mapazi kutupa, kulira usiku wonse, maso achikasu, magazi kumangochepa. Pamudzi manong'onong'o amayamba. Mwana anali wathanzi uja, wamulodza ndani? Palibe wamulodza. Chimene chasintha ndi malangizo amene maselo ake akuwerenga.

Pafupifupi selo lililonse la thupi lili ndi DNA m'phata mwake, yolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zimene zikandandalikidwa zimakwana pafupifupi 3 biliyoni. Kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni kamatchedwa gene, ndipo munthu ali ndi tizigawo totere pafupifupi 20,000. DNA situluka m'phata. Selo likafuna puloteni, limakopera kachigawo kofunikako n'kupanga uthenga wotchedwa mRNA. Uthengawo ndi umene umatuluka n'kukafika pa timakina totchedwa ribosome, timene timauwerenga zilembo zitatuzitatu. Zitatu zilizonse zimatchula amino acid imodzi mwa mitundu 20, ndipo ribosome imazilumikiza motsatana mpaka unyolo utatha. Unyolowo umadzipinda, n'kukhala puloteni yogwira ntchito.

Hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya wa okosijeni m'maselo ofiira a magazi, imapangidwa motero m'mafuta a m'mafupa. Ili ndi maunyolo anayi, awiri a alpha ndi awiri a beta. Unyolo wa beta uli ndi ma amino acid 146, ndipo malangizo ake ali pa gene yotchedwa HBB. Mwa odwala sickle cell, pamalo amodzi pamene panayenera kulembedwa GAG palembedwa GTG. Ribosome sifunsa, imangowerenga zimene yapatsidwa, choncho pamalo a nambala 6 imaika amino acid yotchedwa valine m'malo mwa glutamic acid. Vernon Ingram, yemwe ankagwira ntchito ku Cambridge, ndiye anasonyeza cha m'ma 1956 kuti kusiyana konse kwagona pa amino acid imodziyi.

Imodzi yokha mwa 146, koma zotsatira zake n'zowawa. Hemoglobini yotereyi ikatula mpweya imamatirirana n'kupanga timitengo tolimba timene timapinda selo ngati zenga lomwetera udzu. Maselo opindikawo amatsamira m'timitsempha ting'onoting'ono, magazi osadutsa, ndipo ndi pamenepo pamachokera ululu wa m'mafupa umene umagubuduza ngakhale munthu wamkulu. Selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20. N'chifukwa chake ana amenewa amathiridwa magazi kawirikawiri.

Nanga miyezi yoyambirira ija, mwana amakhaliranji bwino pamene chilembo cholakwikacho anabadwa nacho? Kukhala ndi gene ndi kuiwerenga n'zosiyana. Mwana akadali m'mimba, maselo ake sagwiritsa ntchito kwambiri HBB. Amawerenga gene ina yopanga unyolo wa gamma, ndipo hemoglobini yaukhandayi simatirirana. Akabadwa, puloteni yotchedwa BCL11A imathandiza kutseka gene ya gamma pang'onopang'ono, ya beta n'kutenga malo. Matenda amaonekera hemoglobini yaukhanda ikachepa.

Kumvetsa zimenezi kwabala mankhwala. Hydroxyurea, yomwe wodwala amamwa tsiku ndi tsiku, imachititsa thupi kupanganso hemoglobini yaukhanda yochulukirapo. Kafukufuku wa REACH, wochitidwa pa ana oposa 600 ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anapeza kuti ululu, kuthiridwa magazi, malungo ndi imfa zinachepa. Kumapeto kwa 2023, Britain ndi America anavomereza Casgevy, chithandizo chosintha DNA ya maselo a wodwalayo kuti BCL11A ileke kutseka gene ya gamma. Mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Zimandipweteka mtima kuti chithandizochi chili kutali chonchi, pamene ambiri mwa ana oposa 300,000 obadwa ndi matendawa chaka chilichonse amabadwira kuno ku Africa. Koma hydroxyurea si ya mamiliyoni, ndipo kusowa kwake m'zipatala zakumidzi kulibe chowiringula chomveka.

Kuchuluka kwa chilembochi kwathu kuno kuli ndi chifukwa. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti munthu wolandira gene ya sickle cell kwa kholo limodzi lokha amatetezedwa ku malungo aakulu. Munthu wotere kawirikawiri sadwala sickle cell, ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire gene yotereyi kumbali zonse ziwiri. Mayi amene akunyozedwa ndi apongozi kuti akubereka ana odwaladwala wapereka theka lokha, theka lina ndi la bambo. Magazi a makolo onse awiri angayezedwe, a mwana nawonso, ndipo mwana wodziwika msanga amayamba penicillin, katemera ndi mankhwala oteteza ku malungo manja asanayambe kutupa.