Asanamutsekere m'chipatala, ayambe afukula pa tsinde

Chimanga chikayamba kufota, mlimi wodziwa ntchito yake sathamangira kunena kuti mbewu inali yoipa. Amafukula pa tsinde. Mwina apeza chiswe, mwina kaufiti akuyamwa mizu. Masamba amangoonetsa vuto, koma mwini vutolo ali pansi.

Munthu akayamba kubwebweta, kuvula zovala pagulu kapena kuthamangitsa abale ndi chikwanje, ife timaweruza msanga kuti wapenga. Chonsecho shuga akatsika kwambiri m'magazi amachititsa zomwezo. Namwino amangobaya chala, kuyeza kadontho ka magazi, kuika diripi, ndipo posakhalitsa munthu uja amadzuka n'kufunsa kuti ali kuti. Malungo okwera m'mutu, matenda oumitsa khosi, chindoko chokhalitsa, kuvulala m'mutu, ngakhale kusiya mowa mwadzidzidzi kwa chidakwa, zonsezi zimasokoneza mutu. Wotereyu mukangomubaya jekeseni yogonetsa n'kumutsekera, akhoza kufa ali m'tulo.

Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito, lamulo la Mental Health Care Act la 2002 linatseka njira yachiduleyi. Wodwala wokana chithandizo, amene angadzivulaze kapena kuvulaza ena, sagonekedwa chifukwa choti wina wanena basi. Wopempha kuti agonekedwe, kaya ndi mkazi wake, kholo kapena mnzake, ayenera kukhala atamuona m'masiku 7 apitawo. Kenako ogwira ntchito zachipatala awiri amamupima, ndipo mmodzi mwa iwo ayenera kukhala wodziwa kupima thupi. Akagwirizana, wodwalayo amakhala pachipatala maola 72 akuunikidwa thupi ndi maganizo omwe. Kuti asungidwe kupitirira apo, nkhani yake imapita kukomiti yoyima payokha, kenako kukhoti lalikulu.

Masiku atatu ndi ambiri kwa banja lomwe latopa kale, ndipo mawodi a zipatala zam'maboma amakhala odzaza, osamangidwira odwala olusa. Komabe ine ndikuti bola kuchedwa kumeneko.

Inu amene mwaperekeza m'bale kuchipatala ku Joni, musangoti wazungulira mutu. Uzani adokotala ngati thupi linatentha, ngati anagwa, ngati anasiya kumwa ma ARV, komanso tsiku limene anamwa mowa komaliza.