Masiku 9 a chisokonezo: mabwana a ku Lichinga pa nthawi ya Covid-19

M'mwezi wa Julaye ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, kumazizira koopsa, ndipo chimfine ndi chifuwa sizisowa. Mu 2020 wantchito akangotsokomola pakhomo la sitolo kapena ofesi, bwana ankagwira njakata. Amubweze kapena amulole alowe? Akamubweza, malipiro a tsikulo atani nawo?

Mayankho ankachokera kutali, ku Maputo. Kuyambira pa 1 Epulo 2020, Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko la Mozambique pansi pa malamulo a nyengo yadzidzidzi. Boma linalamula kuti pantchito pazipezeka munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo magulu azisinthana pakatha masiku 15. Azaka 60 kupita m'tsogolo, amayi oyembekezera ndi odwala matenda a mgonagona anayenera kutetezedwa mwapadera.

Papepala zinkamveka bwino. Koma mwini nyumba yogona alendo amene ali ndi wophika mmodzi, woyeretsa mmodzi ndi mlonda mmodzi, akanasiya uti? Ndalama zikaphwa, lamulo la ntchito la 2007 linkalola kuimitsa wantchito kwa kanthawi, n'kumulipira 75 peresenti ya malipiro ake mwezi woyamba, 50 wachiwiri ndi 25 wachitatu, osatsika pa malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma. Mliri sunathe m'miyezi itatu.

Kenako panabuka vuto lina. Malamulo oyendetsera dziko amalola kutalikitsa nyengo yadzidzidzi katatu kokha, choncho inatha pa 29 Julaye. Yatsopano inayamba pa 8 Ogasiti. Kwa masiku 9 apakatiwo matenda analipo, koma nyengo imene malamulo a kusinthana anatsamirapo inali itatha. Bwana aliyense anayenera kusankha yekha: kuitana antchito onse, kapena kupitiriza kusinthana ndi kusenza mtengo wake. Pa 7 Seputembala dziko linalowa m'ndondomeko inanso, ya ngozi yogwera dziko, yokhala ndi malamulo akeake.

Lamulo latsopano la ntchito la 2023 linavomereza kugwira ntchito kunyumba kudzera pa intaneti. Limathandiza kalaliki wokhala ndi kompyuta. Wophika uja, mlonda ndi wotsitsa matumba a nyemba pagalimoto ntchito yawo imafuna kuti afike pamalo, ndipo mliri wina ukadzagwa, ndi iwo amene bwana adzayambe kuwawerenga.